Ampu ya mavalavu kuno ku Mchinji: mugule iti, ndipo muichite chiyani kuti ilire momwe mukufunira

Chaka chilichonse soya ndi mtedza zikangogulitsidwa ndimalandira alendo. Wina ndi mnyamata amene wasunga kangachepe, ena ndi akomiti ya kwaya amene atolera za pepala Sande, koma funso lawo ndi limodzi: tigule ampu ya gitala iti? Ambiri amabwera ataona kale pa YouTube ampu ya mavalavu, ija ena amati ya ma tube, yokuza mawu ndi timababu tagalasi, ndipo mtima wawo uli pomwepo. Sindiwaletsa. Ndaimba gitala ya lidi m'matchalitchi ndi m'maukwati kuyambira pa Boma mpaka ku Kamwendo ndi ku Mkanda, ndipo palibe chimene chimandikomera ngati valavu yotentha bwino. Ukakhudza nsambo mofatsa mawu amatuluka oyera, ukakanda mwamphamvu amanenepa n'kusasa pang'ono, ngati mmero wa mlaliki uthenga ukafika pachimake. Komatu anzathu oonetsa ma ampu pa intaneti amaimbira m'nyumba zopanda fumbi, magetsi awo sagwedera, wokonza ali pakhomo. Ife tiyeze ndi muyeso wathu.

Zoyeza musanatulutse ndalama

Choyamba ndi nyimbo zimene mumaimba. Gitala yathu kuno ndi yoyera. Tamverani sebene ya ku Congo, sungura ya ku Zimbabwe, kalindula wa anzathu a kutsidya kwa Mwami, rizimu yodukizadukiza ya rege, ngakhale nyimbo zambiri za kwaya. Zala zimathamanga kumunsi kwa khosi la gitala ndipo notsi iliyonse iyenera kumveka payokha. Ma ampu ambiri otchuka kunja anatchuka ndi kusasa, kumene kumakomera blues ndi rock, koma kwa woimba sebene kusasa komweko kumaphatikiza manotsi ngati phala. Ndiye dzifunseni kuti ampu imeneyi mungaikweze mpaka pati isanayambe kusasa. Mpata umenewu oimba amautcha headroom, ndipo kwa ife ndiwo muyeso waukulu kuposa dzina lolembedwa kutsogolo.

Chachiwiri ndi malo oimbira. Mawati amanyenga anthu ambiri. Ampu ya mawati 30 siilira kuwirikiza kawiri ya mawati 15, kusiyana kwake ndi madesibelo 3 okha, khutu limangomva kuti yakwera pang'ono. Kuti mawu amveke ngati awirikiza kawiri pamafunika mawati ochuluka kakhumi. Chimene mawati ambiri amakugulirani ndi headroom ija. Ngati muli ndi mikisa ndi maiki yoika patsogolo pa sipika, mawati 15 akukwanirani ngakhale pabwalo la sukulu. Ngati ampu iyenera kulimbana yokha ndi madiramu ndi kiyibodi panja, pamenepo mawati 40 ayamba kufunika.

Chachitatu, chimene chapha ma ampu ambiri kuno, ndi magetsi. Athu ndi a mavolti 230, pulagi ya mano atatu amakona ngati ya ku Britain. Ampu yochokera ku Britain imalowa mu soketi momwemo, ya ku Johannesburg imangofuna kusintha pulagi. Ya ku America ndi ya mavolti 120, ya ku Japan 100, ndipo zimenezi zimafuna thiransifoma yotsitsa mphamvu tsiku lililonse la moyo wake. Pa ukwati wina ku Kamwendo ndinaona ampu yatsopano, mphatso yochokera kwa malume a ku America, italumikizidwa ndi adaputa wamba. Fyuzi itapsa anyamata anaikulunga ndi kawaya, atayatsanso thiransifoma inafuka utsi nyimbo yoyamba isanayambe. Mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwawa.

Jenereta nayo ili ndi zake. Yaing'ono yopanda AVR, kachipangizo kokhazikitsa mavolti, imalumpha mphamvu katundu wolemera akazima mwadzidzidzi, chonsecho timawaya totenthetsa mavalavu tinapangidwira mavolti 6.3 basi, ndipo kupitirira pamenepo kumafupikitsa moyo wawo. Yatsani jenereta, idikhe, ampu ikhale yomaliza kuyatsidwa ndiponso yoyamba kuzimitsidwa petulo asanathe. A sola dziwani kuti inveta yotchipa ya modified sine imapangitsa thiransifoma kung'ung'udza ndi kutentha, imafunika ya pure sine, komanso ampu ya mavalavu imadya batire ngakhale mutasiya kuimba chifukwa mavalavu amakhala akutenthabe. Pali china chimene ndikuchondererani: lekani kulowetsa mawaya awiri mu soketi ndi timitengo ta machesi. Waya wachitatu wa earth ndi umene umateteza munthu amene dzanja lili pa nsambo, mlomo uli pa maiki.

Chachinayi ndi mayendedwe. Valavu ndi galasi, ndipo ikatentha zamkati mwake sizichedwa kuwonongeka ndi kugwedezeka. Mukamaliza kuimba idikireni mphindi 10 izizire musanaikweze. Ampu ya makilo 14 imakwera pa kabaza mutayala bulangete, ya makilo 29 imafuna galimoto ndi anthu awiri.

Chachisanu ndi wokonza komanso mavalavu osinthira. Mafakitale opanga mavalavu a gitala atsala ochepa padziko: JJ ku Slovakia, fakitale ya ku Saratov ku Russia imene imapanga Electro-Harmonix, Sovtek ndi Tung-Sol, ndi ena ku China. Mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba mavalavu anasowa ndipo mitengo inakwera dziko lonse. Pa Boma simuwapeza, ngakhale ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, kawirikawiri mumachita kuitanitsa. Anyamata athu okonza mafoni ndi ma TV ndi aluso pa ntchito yawo, koma mkati mwa ampu yotere mumayenda mavolti 300 mpaka 500, ndipo makapasita amaisunga mphamvuyo ngakhale mutazula pulagi. Funsani kaye ngati mmisiriyo anagwirapo ya mavalavu.

Pa mitengo ndiyerekeza ampu ndi ampu inzake, chifukwa mtengo wa m'makwacha sukhalitsa. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo katundu yense woitanitsa anasintha mtengo pomwepo. Pa mtengo uliwonse wa kunja onjezanipo wonyamula, msonkho wa kasitomu ndi VAT.

Timaampu ta mawati 5

Kholo la gulu ili ndi Fender Champ, valavu imodzi ya 6V6 ndi sipika ya mainchesi 8. Masiku ano ambiri amagula Bugera V5, ya valavu imodzi ya EL84, imene ili ndi swichi yotsitsa mphamvu kuchoka pa mawati 5 kufika pa 1 kapena 0.1. Mawu ake ndi otsekemera m'chipinda koma amasasa msanga, besi ndi yochepa.

Mtengo: V5 ndiyo khomo lotchipa lolowera ku mavalavu. Champ yolumikizidwa ndi manja musaiyese yotchipa poona kuchepa kwake, imadula kuposa Fender Blues Junior ya mawati 15.

Kupezeka: ndi yopepuka, wachibale wochokera ku Johannesburg akhoza kuinyamula pa basi.

Kusamalira: mavalavu awiri kapena atatu okha, mumasintha nokha popanda mmisiri.

Zoopsa: palibe chachikulu kupatula kukhumudwa mukaitengera pakati pa madiramu.

Za mawati 15 mpaka 22 za EL84: Vox AC15, Blues Junior, Laney Cub, Bugera V22

Apa ndi pamene ambiri a inu mudzathere, ndiye ndikhalapo pang'ono. Vox AC15 inayamba mu 1958 ku England, mkulu wake AC30 n'kutsatira mu 1959. Ya masiku ano, AC15C1, ili ndi mavalavu akuluakulu awiri a EL84, ang'onoang'ono atatu a 12AX7 ndi sipika ya Celestion Greenback ya mainchesi 12. Mawu ake ali ndi kabelu pamwamba, ngati wagogoda botolo, ndipo pakati sipabooka. N'chifukwa chake lidi ya pa Vox imadutsa pakati pa kiyibodi ndi makolasi popanda kukweza kwambiri. Pa sungura ndi manganje ndimaikonda kuposa zonse za msinkhu wake, bola pakhale maiki, chifukwa Master, nobu ya voliyumu ya ampu yonse, akapitirira theka imayamba kusasa.

Fender Blues Junior, imene inatuluka mu 1995, ili ndi mavalavu amtundu womwewo koma kabokosi kake n'kakang'ono, motero mawu amamveka opanikizika pang'ono, okoma pa blues ndi pa gospel yofatsa. Ubwino wake waukulu ndi kulemera: makilo 14, pamene AC15C1 ndi makilo 22. Laney Cub ndi yopepuka koposa apo ndipo imatha kutsika pansi pa wati imodzi poyeserera usiku. Bugera V22 ili ndi tchanelo choyera chabwino ndithu kuposa momwe mtengo wake ungakuganizitseni.

Mtengo: AC15 ndi Blues Junior zimayandikana. Cub ndi V22 zili pansi pake moonekeratu, ndalama yotsalayo ikhoza kugula stabilaiza yokhazikitsa magetsi ndi mavalavu osungira.

Kupezeka: ma ampu amenewa anagulitsidwa ambiri, choncho ogwiritsidwapo kale ntchito savuta ku South Africa ndi ku Britain. Ku Lusaka, kudzera pa Chipata ndi Great East Road, muyambe mwaimba foni musanakwere basi. EL84 ndi 12AX7 ndiwo mavalavu osavuta kuitanitsa ndipo EL84 ndi yotchipa kuposa 6L6 kapena EL34.

Kusamalira: apa pali mfundo imene ogulitsa satchula koma kwa ife ndi yaikulu. Mavalavu akuluakulu amafuna muyeso wa magetsi oyenda mwa iwo akakhala chete, umene amati bias. Mu AC15 muyesowu umadzikonza wokha, mtundu wa cathode bias, kotero mumangogula ma EL84 awiri oyezedwa kuti ndi ofanana, kuzula akale, kulowetsa atsopano, basi. Simupita ku Lilongwe. Bugera ya mtundu wotchedwa Infinium nayo imadziyeza yokha ndipo ili ndi timagetsi kumbuyo tosonyeza valavu yotopa. Ma Blues Junior akale, mpaka mtundu wachitatu, ali ndi bias yokhazikika yopanda posinthira ndipo amatenthetsa mavalavu kwambiri.

Zoopsa: kutentha. EL84 imagwira ntchito pafupi ndi malire ake, ndiye mu Okutobala m'tchalitchi cha malata musaigunditse kukhoma kapena kuifunditsa chitenje. Woimba sabata iliyonse ayembekezere kusintha ma EL84 pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Pa Blues Junior polowetsa jeki ndi pa pulasitiki ndipo pamasweka munthu akaponda chingwe, choncho chingwecho chikoleni pa chogwirira. Bugera ili ndi tizipangizo ting'onoting'ono tambiri pa bolodi, gawo lodziyeza lija likafa si mmisiri aliyense angalidzutse.

Ma Fender a 6V6 ndi 6L6: Deluxe Reverb, Hot Rod Deluxe, Twin Reverb

Mawu oyera amene ambiri timawamva m'mutu tikamaganiza za gitala yokongola ndi a banja ili: besi yakuya, pamwamba powala, pakati pobooka pang'ono, ndi reverb ya masipuling'i yonga kuimbira m'tchalitchi chachikulu chopanda anthu.

Deluxe Reverb, ya 1963 ndi ina yopangidwanso motengera yomweyo, ndi ya mawati 22, ma 6V6 awiri, makilo 19. Ilibe Master, ilibenso Middle. Voliyumu ikafika pa 4 kapena 5 imayamba kusasa, ndipo kusasa kwake n'kokoma kosaneneka, koma dziwani kuti pa sebene ya panja popanda maiki mufika pamenepo msanga. Twin Reverb ndi ya mawati 85, ma 6L6 anayi, masipika awiri. Iyi siisasa mpaka makutu anu atayamba kudandaula, ndipo pa rumba palibe yoiposa. Komatu ndi makilo 29. Pakati pa ziwirizi pali Hot Rod Deluxe ya 1996, mawati 40, ma 6L6 awiri, makilo pafupifupi 20. Tchanelo chake chosasa ambiri sachikonda, inenso sindichigwiritsa ntchito, koma choyeracho ndi champhamvu ndipo chimalandira bwino ma pedal, timabokosi toponda tosintha mawu a gitala. Kwa bandi ya kuno, imene lero ili m'holo mawa ili pabwalo la mpira, iyi ndiyo ndimaitchula kawirikawiri.

Mtengo: Hot Rod ili pamwamba pang'ono pa Blues Junior. Deluxe Reverb yatsopano imadula pafupifupi kuwirikiza kawiri Blues Junior, Twin n'kuposa pamenepo.

Kupezeka: Hot Rod ndi imodzi mwa ma ampu a mavalavu ogulitsidwa kwambiri padziko, yakale siisowa. Twin yakale nthawi zina imatsika mtengo chifukwa eni ake atopa nayo kunyamula, koma wonyamula katundu adzakulipiritsani kulemera komweko. Popeza Fender ndi ya ku America, onetsetsani chithunzi cha kumbuyo pamene palembedwa mavolti musanatumize ndalama.

Kusamalira: werengani mavalavu. Hot Rod ili ndi 5, Deluxe Reverb 9, Twin 10. Onse atatu ndi a fixed bias, kutanthauza kuti mukasintha mavalavu akuluakulu mmisiri ayeze ndi mita. Pa Twin mumagula anayi ofanana nthawi imodzi, ndipo pamenepo thumba limabooka. Chotonthoza n'chakuti 6L6 ndi valavu yolimba, imakhalitsa kuposa EL84.

Zoopsa: ma Hot Rod akale ali ndi marezisita awiri otentha kwambiri amene amawaula bolodi n'kumasula soda, chizindikiro chake tchanelo chimasintha chokha kapena reverb imazimazima. Mmisiri wodziwa amakonza mosavuta. Voliyumu ya akalewo imalumpha pakati pa 1 ndi 2, m'chipinda chaching'ono imavuta kuiweta. Thanki ya reverb siikondwa ndi mabampu a msewu wa ku Mkanda, timawaya take timaduka.

Marshall ya EL34

Jim Marshall anapanga ampu yake yoyamba, JTM45, ku London mu 1962 potengera Fender Bassman, kenaka mawu ake anapatuka n'kukhala aukali pakati, mawu a rock. Amene anakulira pafupi ndi malire akumva Zamrock ya m'ma 1970 pa wailesi za ku Zambia akudziwa mtundu wa ukali umene ndikunena. DSL40CR ndi ya mawati 40 otsitsika kufika pa 20, ma EL34 awiri ndi ma ECC83 anayi. ECC83 ndi dzina la ku Ulaya la 12AX7 yomweyo, musagule kawiri. Tchanelo choyera chilipo ndipo n'chabwino, koma chilibe kuwala kwa Fender.

Mtengo: kufupi ndi Hot Rod. DSL20CR ndi yotsikirapo.

Kupezeka: ku Britain ndi ku South Africa siivuta, ndipo mavolti amakhala athu omwe.

Kusamalira: fixed bias, mmisiri akufunika. EL34 imatha msanga kuposa 6L6.

Zoopsa: makilo 23, ndiponso masiwichi ndi mabolodi ambiri oti fumbi la chilimwe lilowemo. Ngati nyimbo zanu zisanu ndi zinayi pa khumi ndi zoyera, mukhala mutalipira tchanelo chimene simuchigwiritsa ntchito.

Yopanda mavalavu konse

Ndingakhale wosakhulupirika nditaisiya. Roland JC-120 ya 1975 inatchuka ndi mawu oyera ndi chorus yake, imene imamveketsa gitala imodzi ngati zingapo, ndipo kwa woimba rumba imachita zambiri zimene Twin imachita. Peavey Bandit ndi khasu la bandi, imagwa n'kudzuka. Boss Katana, kuyambira 2016, imatsanzira ma ampu osiyanasiyana ndipo ili ndi delay, yobwereza mawu ngati phanga, ndi chorus momwemo. Chimene simupeza mokwanira ndi kuja kofewa pansi pa zala.

Mtengo: Katana ya mawati 50 siifika theka la Blues Junior, Bandit yakale imatsika kuposa apo. Kupezeka: izi ndizo mungazione ndi maso ku Lilongwe, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kusamalira: kupukuta fumbi. Zoopsa: Bandit mmisiri wa mawailesi amaikonza, koma Katana ndi kompyuta, mphenzi ikaipsereza bolodi nkhani yatha.

Mukamagula yakale

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Iyatseni mphindi 30 mukuimba, osati ziwiri. Suzumirani kumbuyo: kuwala kwa kawaya kapakati pa valavu n'kwabwino, koma chitsulo chachikulu chotuwa chikafiira ngati khala zimitsani msanga. Valavu imene kasiliva ka pagalasi kasanduka koyera ngati ufa yalowa mpweya, yafa. Gogodani mavalavu ang'onoang'ono mofatsa ndi pensulo, imene ikulira ngati belu mu sipika yatopa. Tulutsani fyuzi muone ngati ndi yeniyeni ya muyeso wolembedwa pamenepo. Kung'ung'udza kwakukulu kosasintha ndi voliyumu kumaloza ku makapasita okalamba. Ndipo ampu imene yagona m'sitolo ya tchalitchi nyengo yonse ya dzinja muiyang'ane mphemvu, makoswe ndi chinyezi musanaipatse moto.

Kusintha mawu, kuyambira zaulere

Anthu amathamangira kugula mavalavu a dzina pamene vuto ndi pamene ampu yakhala. Ikakhala pansi imaimbira mawondo anu, inu n'kumawonjezera Treble, anthu a mpando wakutsogolo n'kumatseka makutu. Ikwezeni pa mpando kapena ipendeketseni iloze kumutu kwanu, muichotsenso pakona pamene besi imafufuma. Nsambo zadzimbiri za m'dzinja palibe ampu ingazipulumutse.

Kenaka ma nobu. Pa Fender, voliyumu ikamakwera Bass itsike, pa 3 n'pokwanira, apo ayi mawu amachita matope. Ngati gitala yanu ili ndi ma humbucker, zotolera mawu zamphamvu za makoyilo awiri, ndipo ampu ili ndi mabowo awiri, lowetsani jeki pa bowo lachiwiri, limene limachepetsa mphamvu yolowa, mupeza mpata woyera wochuluka osalipira kanthu. Pa Vox, Tone Cut imayenda chobwerera: mukamaikweza ndi pamene ikudula zoswa makutu. Pa tchanelo chake cha Top Boost mukakweza Treble ndi Bass pamodzi pakati pamabooka, ndiye yambani zonse zili pakati. Pa ampu iliyonse ya Master, mawu oyera amabwera Gain, nobu yokuza mawu polowa, ali pansi Master ali pamwamba. Anyamata ambiri amachita mosemphanitsa kenaka n'kumati ampu ndi yonyansa.

Chotsatira, chotchipa ndiponso chimene ndimachikhulupirira kwambiri, ndi valavu yoyamba, V1, kawirikawiri imene ili kufupi ndi polowetsa jeki. 12AX7 imakuza mawu ka 100. Valavu ya 5751 imakuza pafupifupi ka 70, 12AY7 pafupifupi ka 45, ndipo zonse zimalowa pa soketi yomweyo ya mano 9 popanda kuyeza bias. Mukaika 5751 mu Blues Junior kapena Hot Rod, voliyumu imaleka kulumpha, kusasa kumachedwa, manotsi a sebene amapatukana. Sizionjezera mawati, zimangokupatsani malo oyendetsa nobu. Zimitsani, zulani pulagi, dikirani izizire, gwedezani pang'onopang'ono pozula ndipo onani mpata wa pakati pa mano polowetsa. A Deluxe Reverb dziwani kuti V1 ndi ya tchanelo cha Normal, ngati mumaimbira cha Vibrato yoyenera kusintha ndi yachiwiri.

Chimene chimasintha mawu kuposa zonsezi ndi sipika. Sipika iliyonse ili ndi muyeso wa kulira kwake pa wati imodzi. Kuchoka pa ya madesibelo 97 kupita pa ya 100 kuli ngati mwawirikiza mawati kawiri, ndiye ampu ya mawati 15 imafika paphokoso lomwe mumafuna isanayambe kusasa. Greenback ndi ya 98, imapirira mawati 25, yofunda ndipo imasasa yokha msanga. Celestion Vintage 30 ndi ya 100, imapirira mawati 60, ili ndi ukali pakati umene umaboola bandi koma pa ampu yowala kale imatha kulasa. Ma ohm afanane: Blues Junior, Hot Rod ndi Deluxe Reverb ndi 8, AC15C1 ndi DSL40CR ndi 16. Sipika ya disiko yokhala ndi twita kapena ya m'galimoto siigwira ntchito imeneyi. Ndipo ampu ya mavalavu musaiyatse sipika isanalumikizidwe, mumaotcha thiransifoma yotulutsa mawu, chipangizo chodula kwambiri m'bokosi lonselo.

Zotsala ndi za mmisiri. Deluxe Reverb ikamalasa pa voliyumu yotsika, makamaka ndi ma pedal, pa tchanelo cha Vibrato pali kakapasita ka 47pF kamene akhoza kukadula mwendo umodzi. Pa bias, yotentha imapereka mawu onenepa koma imadya mavalavu, yozizira kwambiri imaumitsa mawu. Ndi magetsi athu okwera ndi kutsika ine ndimapempha kuti andiikire chapakati mopendekera kozizira, kuti tsiku limene mphamvu yakwera mavalavu asafiire. Kusinthanitsa EL34 ndi 6L6 mwachisawawa ayi, ngakhale mano ake akulowa.

Pa ma pedal, woimba nyimbo zathu ayambe ndi delay, kenaka chorus ndi compressor yolinganiza mphamvu ya manotsi. Wofuna solo yonenepa pa Fender, Ibanez Tube Screamer imadzaza pakati pobooka paja. Hot Rod ndi DSL40 zili ndi effects loop, mabowo apadera olumikizirapo ma pedal, ndipo delay imamveka bwino mukaidutsitsa mmenemo.

Ndani atenge iti

Kwaya ya pa Boma kapena pa mishoni ngati Ludzi ndi Guilleme, imene ili ndi mikisa ndipo ampu siichoka m'tchalitchi: AC15 ndi maiki patsogolo. Ndalama zikachepa, Laney Cub kapena V22, ndipo yotsalayo igule stabilaiza ndi ma EL84 awiri osungira mu ofesi ya abusa kapena abambo mfumu.

Woimba payekha amene amaitanidwa uku ndi uku pa kabaza: Blues Junior, 5751 pa V1, ndi bokosi lathabwa loyalamo siponji.

Bandi ya maukwati ndi zinkhoswe yoimba sebene ndi sungura panja, maiki osakwanira: Hot Rod Deluxe. Twin pokhapokha muli ndi galimoto yanuyanu ndi ndalama ya mavalavu anayi.

Wojambula nyimbo m'kasitudiyo kapena wophunzira kunyumba: V5. Amene thumba likumulola ndipo ali ndi malo okhazikika, Deluxe Reverb sadzaigulitsa.

Wa rock ndi masolo aukali: DSL20CR ngati pali maiki, DSL40CR ngati palibe.

Mpingo wa kumudzi, chakumtunda kwa Kapiri kapena mkati mwa Mkanda, woimbira jenereta yobwereka ndipo ampu imagwiridwa ndi aliyense wofika msanga: tengani Bandit yakale kapena Katana. Amene mtima wakana ndithu kusiya mavalavu kumeneko, agule kaye jenereta ya AVR ndi stabilaiza ya 1000VA, asankhe ampu ya cathode bias, ndipo kiyi wa kabati yake asunge munthu mmodzi.